Lorna ndi Nduwira ya Pamlatho

Foni ya Lorna Ollerton inalira ali m'kachipinda kovaliramo, akusita jekete lofiira la bambo ake. Anaimika nsimbi n'kuwerenga uthengawo.

"Amayi agula kale zonse za mawa. Afunsa ngati umadya tsabola, ine ndati umadya. Usakandisandutse wabodza."

Anamwetulira yekha. Anali Tejpal Dhaliwal, amene aliyense ankangomuti Tej, mnyamata wamtali wa ku Bradford yemwe anakumana naye chaka chatha pa ukwati wa mnzake. Tej anali wa chipembedzo cha Chisikhi, wosunga mwambo wake. Tsitsi sankameta, ndipo sankatuluka panja asanamange nduwira kumutu. Mayi ake anakhala akukana kumva dzina la Lorna kwa nthawi yaitali, poti iwo ankafuna mtsikana wa kukachisi kwawo. Koma sabata imeneyo anali atafewa. Anati mtsikanayo abwere Lamlungu adzadye nawo, amuone ndi maso awo.

"Ndikadya, ndikalira, koma mbale ndikaimaliza," Lorna anayankha.

"Lero uli pamlatho?"

"Eya. Ndikusita zovala za Adadi monga mwa masiku onse."

Tej anangotumiza kankhope koseka.

Chitseko chinatseguka mwamphamvu ndipo analowa a Desmond Ollerton, ndevu zopotokola atazimata kale pamlomo koma akadali m'malaya amkati. Kuno ku Skelsea, tauni yathu ya m'mphepete mwa nyanja, palibe amene amawatchula dzina limenelo. Onse amangoti Meja Dez. Kuyambira Lorna asanabadwe, chilimwe chilichonse ankachita sewero lawo lotchedwa Masiku Aja m'holo ya kumapeto kwa mlatho, uja wamatabwa wongolowa m'nyanja osafika tsidya lililonse. Kale anthu ankaima pamzere mpaka kumsewu, madzulo aliwonse. Tsopano sewero linkachitika Loweruka masana basi, ndipo holo inkadzaza pokhapokha kukabwera mabasi a nkhalamba. Tsiku limenelo mabasi anali atabwera.

"Norman sabwera," anatero a Desmond. "Ndimati amutulutsa m'chipatala lero, koma madokotala akana. Chiuno chija chathyoka ndithu."

"Ndiye chigawo cha ku India muchidumphe, Adadi. Muonjezere nyimbo."

"Ndichidumphe? Anthu akwera basi kuchokera kutali kudzaona chimenecho!"

Lorna ankachidziwa chigawocho mawu ndi mawu. Meja amakhala pampando wansungwi ku India wa nthawi ya atsamunda. Wantchito wake, wopaka utoto wofiirira kumaso ndi wovala chinduwira chachikulu, amamukupiza, amataya tiyi, amapunthwa, amalankhula Chingerezi chothyokathyoka. Pomaliza nduwira imamasuka, Meja n'kuitola kupukutira nsapato. Wantchitoyo nthawi zonse ankakhala Norman, mnzawo wakalekale wa bambo ake. Lorna ali mwana ankaseka mpaka kugubuduka kuseri kwa katani. Chikumanireni ndi Tej, chigawocho chikayamba ankatuluka panja kukaima kumphepo.

Bambo ake anatsegula bokosi lakale n'kutulutsa nsalu yaitali yachikasu. Anaiika patebulo pafupi ndi nsimbi.

"Ayi, Adadi."

"Lero lokha, mwanawe."

"Mukudziwa kumene ndikupita mawa."

"Mnyamata wako wansalu kumutu uja ali ku Bradford. Akuonera pati? Ndi nthabwala basi. Ife tinkaseka aliyense, a ku Scotland, a ku Ireland, apongozi, abusa. Palibe amene ankalira."

"Amene ankalira ankakalirira kwawo."

A Desmond anakhala pampando, mawu awo n'kutsika. "Manijala wa mlathowu akungodikira tsiku limene anthu adzatuluke akudandaula kuti sewero lafupika. Akufuna aikemo makina a juga muno. Lorna, amayi ako ndinawafunsira m'holo muno, kuseri kwa katani yomweyi. Akanakhala moyo bwenzi atavala okha osadikira kuti ndiwapemphe."

"Vala, Lorna," wina analankhula ali pakhomo.

Anali Callum Pilling, woimba piyano m'sewerolo. Iye ndi Lorna anakhalapo pachibwenzi zaka zingapo, ndipo ngakhale chinatha kalekale, Callum ankalankhulabe naye ngati angoyambana dzulo.

"Ndi utoto wonsewo akuzindikira ndani? Ngakhale ine sindingakudziwe. Kapena chiyambireni kudya za ku Bradford ife tikununkha?"

"Tseka pakamwa, Callum."

Lorna anayang'ana bambo ake. Anali atavala jekete lija, akuyesa kumanga mabatani, batani n'kumapulumuka. Pakhoma kumbuyo kwawo panali zithunzi zofwifwa za anthu amene anaimbapo m'holomo, pafupifupi onse atamwalira. Anawamangira mabataniwo, kenako anatenga kabotolo ka utoto.

"Lero lokha. Norman achire, asachire, ine sindidzavalanso."

* * *

Chigawo choyamba chinayenda monga mwa nthawi zonse. Pakhomo aliyense anali atapatsidwa kambendera kapepala. Meja Dez anaimba nyimbo za nthawi ya nkhondo, za msilikali wotsanzikana ndi bwenzi lake pasiteshoni, za sitima yobweretsa anyamata kwawo. Agogo a tsitsi la mbuu ankaimba nawo, ena akupukuta misozi, ngakhale ambiri a iwo nkhondoyo anangoimva kwa makolo awo. Lorna anaima kuseri kwa katani, nkhope ikuyabwa ndi utoto, milomo yake ikuimba nawo yokha. Nyimbozo ankazikonda. Ndi zimene mayi ake ankamugonekera nazo.

Kenako piyano ya Callum inasintha, inayamba kanyimbo kokhotakhota kaja kovinitsira njoka, ndipo Lorna analowa.

Anthu anafa nalo phwete. Magetsi a pasiteji ankamuthobwa m'maso moti sankaona nkhope ya munthu, ankangomva kuseka. Anawerama, anataya tiyi, anagwedeza mutu uku ndi uku, analankhula mawu onse a Norman. Choipa kwambiri n'chakuti anachita bwino. Atapunthwa pamwendo wa mpando anthu anaomba m'manja, ndipo penapake mumtima mwake anamva kukoma.

Nduwira inamasuka panthawi yake. Tsitsi lake lofiira linagwera m'mapewa, wina kumbuyo n'kukuwa, "Ndi Lorna! Ndi mwana wa Meja!" Kuseka kunawirikiza. Bambo ake anatola nsalu ija, kuilavulira, n'kuyamba kupukutira nsapato. Apo mpamene magetsi a m'holo monse amayaka kuti anthu aimirire ndi timbendera tawo pa nyimbo yomaliza.

Magetsi anayaka.

Anthu onse anaimirira kupatula awiri. Chakutsogolo, pafupi ndi kanjira kapakati, panakhala mwamuna wa nduwira yabuluu, manja atapinda pachifuwa. Pambali pake panali mayi wochepa thupi, wofunda mpango woyera kumutu, kambendera kali pamiyendo. Anali Tej ndi mayi ake. Tej sankayang'ana Meja. Ankayang'ana Lorna.

Nyimbo yomaliza ndi yaitali. Lorna anaima pasiteji mpaka inatha.

* * *

M'kachipinda kovaliramo anadzikhula nkhope ndi sopo mpaka khungu linawawa. Callum analowa akuimba likhweru.

"Wachita bwino kuposa Norman, ndikuuze zoona."

"Wawabweretsa ndani?"

"Ndani?"

"Usandiyese chitsiru. Tej sadziwa n'komwe nthawi imene sewero limayamba."

Callum anatsamira khoma, manja m'thumba. "Ndinangomulembera kauthenga. Ndinati Lorna amachita manyazi kukuitanani, bwerani ndi amayi mudzamudzidzimutse, mipando ndakusungirani. Munthu wake ndi waulemu kwabasi. Anathokoza mpaka kubwereza."

"Unamulembera liti?"

"Lachinayi."

"Norman anagwa Lachitatu." Lorna anatembenuka, madzi akuchucha m'chibwano. "Unkadziwa kuti Adadi apempha ine."

"Ndinkadziwa kuti akupempha. Sindinkadziwa kuti uvomera." Anasiya kumwetulira. "Utoto uja sindinakupake ine, Lorna. Ndimangofuna munthuyo aone banja limene akulowamo. Iwe ndiwe wa pamlatho pano. Unakulira muno, nthabwala iliyonse umaidziwa. Ku Bradford uzikangokhalira kupepesa moyo wako wonse. Kwa ine ulibe chopepesa."

Lorna ankafuna kumuwaza mbama, koma mawu akuti sindinakupake ine anamuletsa. Anatenga chijasi chake n'kuthamangira panja.

* * *

Anawapeza pabenchi pafupi ndi kasitolo ka nsomba ndi tchipisi. Nkhalamba za m'mabasi zinkadutsa pang'onopang'ono ndi ndodo zawo, zikubwerezabe nyimbo zija. Gogo wina anamugwira Lorna pamkono. "Wandiseketsa lero, mwanawe, ndinatsala pang'ono kumeza mano anga!" Lorna anachotsa mkono wake.

Tej anaimirira atamuona, koma unali ulemu umene munthu amapereka kwa mlendo.

"Amayi, uyu ndi Lorna."

"Ndamuona," anatero Mayi Dhaliwal.

Sabata yonse Lorna anakhala akuphunzira moni wa m'chinenero chawo, akubwereza pagalasi. Tsopano moniyo anamusiya, n'kuyamba ndi kupepesa.

"Mayi, pepani. Sindimadziwa kuti muli m'holo."

"Ukanadziwa?"

"Sindikanachita."

"Ndiye cholakwika n'chakuti ife tinabwera."

Lorna anagwetsa nkhope. M'mipata ya matabwa ankaona madzi akuyenda pansi pa mapazi ake.

"Khala pansi, mwanawe." Mayiwo anasendera kumupatsa malo. Ankalankhula mofatsa, osakweza mawu. "Bambo anga anamenya nawo nkhondo ku Burma. Ankamenyera mfumu yomweyo imene bambo ako amaichitira sawatcha pasiteji paja. Chipewa chachitsulo anakana, nkhondo yonse anamenya ali ndi nduwira. Atabwera kuno anakafunsira ntchito yoyendetsa basi, n'kuwauza kuti ayambe avula chinsanza chakumutucho. Anapita kukagwira kufakitale ya nsalu mpaka kukalamba. Komabe nyimbo zimenezi ankazikonda. Akamapesa ndevu m'mawa ankaimba zomwezi. Ndiye Tej atandiuza za sewero la bambo ako, ndinavala zovala zanga zabwino."

Anakweza kambendera kaja n'kukayang'ana.

"Ndinaimba nawo, Lorna. Ndinakupiza aka. Mayi amene ndinayandikana naye anandigwira dzanja, tonse tikulira. Ndinamunong'oneza mwana wangayu kuti anthu awa ndi abwino, ndinalakwa kukana. Kenako piyano inasintha. Mayi uja anaseka mpaka kutsamwa, dzanja langa akadaligwirabe."



Mayi Dhaliwal anatulutsa kansalu koyera m'chikwama, anamugwira chibwano n'kumutembenuza mutu. "Watsalira utoto kuseri kwa khutu." Anapukuta pang'onopang'ono ngati akupukuta mwana wawo, kenako anapinda kansaluko, banga lili mkati. Kwa Lorna kumenyedwa kukanakhala bwino.

"Tej, ndikakudikira m'galimoto."

Awiriwo anatsala okha. Tej sanakhale pansi.

"Unati ukusita zovala."

"Ndimasitadi. Norman wadwala, Adadi anandichonderera. Ndi lero lokha, Tej, sindinachitepo n'kale lomwe."

"Iwe ndi lero lokha. Nanga sewerolo?"

Tej anapitiriza.

"Chaka chonse ndakhala ndikufunsa kuti ndidzawaona liti bambo ako pasiteji, iwe n'kumati n'zotopetsa, n'za nkhalamba. Kangati wandigwirira nsonga ya nsalu ine ndikuipinda? Unandifunsa wekha chifukwa chimene sindiigwetsa pansi, ndinakuuza. Unamvetsera ngati ukumva."

"Ndinamva."

"N'chifukwa chake zikuwawa. Ukanakhala wosadziwa bwenzi ndikukufotokozera pano, zitatha."

"Ndi Callum anakonza zonsezi. Amafuna kuti iwe ndi ine..."

"Ndikudziwa zimene amafuna, sindine mwana. Piyano itangosintha anandiyang'ana akuseka. Koma mutu umagwedezeka uja unali wako, Lorna. Ndipo umagwedeza mwaluso."

Mphepo inamuulutsira tsitsi kumaso. Sanalichotse, linamuthandiza kubisala.

"Nanga za mawa?"

"Sindikudziwa za mawa."

Anatembenuka n'kumapita. Mlatho wathuwu ndi wautali. Munthu akakusiya kumapeto kwake, umamuona msana kwa nthawi yaitali asanakafike kumsewu.

* * *

Madzulo a Desmond anagula nsomba ndi tchipisi monga ankachitira sewero likayenda bwino. Lorna sanazikhudze. Foni inali pambali pa mbale yake.

"Pepa," analemba.

Patapita kanthawi analembanso. "Ndiimbire, ngakhale kungonditukwana."

Anayamba wina woti, "Uwauze amayi kuti," koma anaufufuta. Timizere tinasanduka tabuluu kusonyeza kuti wawerenga, yankho osabwera. Foni itanjenjemera anaithamangira, koma anali Callum. "Ukafuna munthu wocheza naye ndili pomwe pano. Ine sindisintha." Anaitembenuza chafufumimba.

"Ndinawaona," anatero bambo ake, maso ali m'mbale.

"Liti?"

"Magetsi atayaka. Nsalu ili m'manja."

"Ndiye?"

"Ndiye ndikanatani? Ndinamaliza nyimbo." Anathira mchere patchipisi, n'kuthiranso osaona kuti athira kale. "Ine sindida munthu, Lorna, ukudziwa. Dokotala wanga ndi Mmwenye, timacheza bwinobwino. Chigawo chimenechi ndachichita zaka zonsezi, palibe anabwerapo kudzandiuza kuti chamupweteka."

"Abwere kudzakuuzani holo yonse ikuseka?"

"Masiku ano munthu sungaseke kanthu. Dziko lino linali dziko, anthu ankadziwa kuimba limodzi, kuseka limodzi. Pano aliyense ali pafoni kufunafuna choti akwiye nacho."

"Agogo ake a Tej anamenya nkhondo ku Burma, Adadi. Nkhondo yeniyeni. Inu jekete lanu lija munagula pakaunjika."

Atangomaliza kunena anafuna kuwameza mawuwo. Bambo ake anaika foloko pansi. Opanda ndevu zomata zija, mlomo wawo wapamwamba unkaoneka waung'ono, wotumbuluka.

"Ndikudziwa kumene ndinaligula," anatero. "Ukuyesa sindidzidziwa? Ndine nkhalamba yovala ndevu zomata, yosagwirapo mfuti. Koma anthu aja akalowa m'holo muja amaiwala kuti ana awo sawayendera. Amatuluka akuyenda mowongoka. Ndikawachotsera chimene amabwerera, nditsala ndi chiyani?"

"Mutsala ndi nyimbo. Mayi aja anaimba nawo, Adadi. Analira."

A Desmond anamuyang'ana kwa kanthawi ngati akufuna kufunsa kanthu. Kenako anaimirira, anasiya nsomba ili yathekatheka, n'kukwera kuchipinda kwawo.

* * *

Lamlungu m'mawa Lorna anavala diresi yobiriwira imene anagulira tsikulo, kenako anakhala pamasitepe osadziwa ngati pali kumene akupita. Foni yake inali zii. Imene inalira ndi ya m'nyumba, ndipo anayankha ndi bambo ake.

"Inde, ndine. Inde." Panapita kanthawi. "Lonse? Bwana, zaka zonsezi, simungandipatse ngakhale... Inde. Ndamva."

Anaibwezera pamalo pake pang'onopang'ono, dzanja n'kutsalira pomwepo.

"Atseka."

"Atseka chiyani?"

"Sewero. Manijala akuti wina anamuimbira dzulo madzulo kudandaula, ndiye sangaike dzina la mlatho pachiswe. Loweruka likubwerali ndisapite. Zovala ndikatenge mawa." Anatembenuka. Maso awo anali ofiira. "Ndi mnyamata wako."

"Ayi, Adadi. Akhoza kukhala aliyense. Mwina Callum."

"Callum adziotchere yekha ntchito? M'holo muja munali anthu angati amene sanaseke?"

"Tej sangachite zimenezo mwamseri. Akakwiya amakuuza pamaso. Ndikumudziwa, Adadi, ndikhoza kulumbira pamanda a Amayi."

"Amayi ako usawatchule m'nkhani imeneyi."

Panja panaima galimoto. Lorna anasuzumira pawindo. Anali Tej, yekha, atavala jekete lakuda ndi nduwira yakuda. Anathamanga n'kutsegula chitseko asanagogode.

"Wabwera! Tej, lowa, udzawauze Adadi. Atseka sewero, akuti wina wadandaula, ndiye iwo akuti ndi iwe. Ndawauza kuti sungatero. Auze wekha."

Tej sanalowe. Anayang'ana kupyola phewa la Lorna, kumene a Desmond anaima m'kanjira ka m'nyumba atavala masilipasi.

"Atseka lonse?" anafunsa.

"Lonse."

Nkhope ya Tej inasintha. "Ine ndinangopempha kuti achotse chigawo chimodzi."

Lorna anamuyang'anitsitsa, akudikira kuti aonjezere mawu ena osintha zimene wamva.

"Ndine ndinaimba foni, bambo Ollerton," anatero Tej. "Amayi anga sanalankhule njira yonse dzulo. Titafika anakadzitsekera kuchipinda, ndipo ine ndinaimba. Ndabwera kuti mumve kwa ine, osati kwa wina. Za nyimbo zanu sindinanene kanthu, ndipo ndikhoza kupita nanu kwa manijalayo ngakhale pompano."

"Upite nane? Ukandipemphere iwe?"

"Ngati mungalole."

"Ndalowa m'holo muja ndi miyendo yanga iwe usanabadwe. Sindikalowamo nditagwiridwa dzanja ndi munthu amene wanditsekera." A Desmond sanakuwe, ndipo n'chimene chinamuopsa Lorna. "Mwana wangayu wangolumbira pamanda a mayi ake kuti si iwe."

Tej anayang'ana Lorna. Lorna anayang'ana pansi. Sankadziwa kuti achite manyazi kwa ndani.

"Lorna," anatero Tej motsitsa mawu, "sindinabwere kudzakusiya. Tiye tikalankhulane, ngakhale m'galimoto momwemu."

"Lorna," anatero bambo ake kumbuyo, "m'nyumba mukulowa mphepo. Chitseko chili m'manja mwako. Uchitseke uli mbali imene ukufuna kukhala."

Lorna anali ataima phazi limodzi pakapeti ya m'nyumba, lina pasitepe yozizira ya panja. Amuna awiriwo onse ankayang'ana dzanja lake pachogwirira chitseko.